Mwana wa M'kanema ndi Mwana wa Pakhomo

 Amene ndikulankhula nanu ndimakhala ku Nancholi, mumzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu wotsetserekera ku Chikwawa. Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya makanema aafupi onena za ana, ndi mmene munthu angawaonerere mwanzeru. Mwina ena mwayamba kale kunena mumtima kuti imeneyi ndi nkhani ya anthu a ku yunivesite. Chonde musatseke wailesi, pakuti andiyambitsa nkhaniyi ndi mayi ena ogulitsa tomato pamsika, oyandikana nawo nyumba, amene adandifunsa funso limene lidandisowetsa tulo.

Nonse mukukumbukira kuti m'mwezi wa Malichi, m'chaka cha 2023, namondwe wotchedwa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, nakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mvula yomweyo idagwetsa khoma la nyumba ya mayi ndikunenawa, kotero kuti iwo ndi ana awo adakasungidwa pasukulu ina kwa masabata angapo. Ali kumeneko, kudafika alendo okhala ndi makamera, anthu aulemu ndithu, amene adabweretsanso ufa ndi mabulangete. Alendowo adajambula mwana wawo wamkazi wa zaka 9. Patapita mwezi, mlamu wawo wa ku Johannesburg adatumiza kanemayo pa lamya ya m'manja, ndipo tidasonkhana pakhonde kuti tionerere.

Kanemayo adali wa mphindi zitatu. Mwana adakhala pansi chotsamira khoma la kalasi, mbale yopanda kanthu ili m'manja, maso akuyang'ana m'mwamba kumene kudali kamera. Pansipansi pankamveka nyimbo ngati ya pamaliro, ndipo munthu wosaoneka ankafotokoza m'Chingerezi za mavuto a ana a ku Malawi. Mwanayo sadatulutse liwu ngakhale limodzi, dzina lakenso silidatchulidwe. Kanema atatha, mayi aja adakhala duu, kenaka adati, "Aphunzitsi, nkhope ndi yake, diresi ndi lomwe ndidamugulira ku Limbe. Koma kodi mwana ameneyu ndi wangadi?" Adafunsa chomwecho chifukwa mwana amene ife timamudziwa ndi katswiri wa fulaye, wolongolola, amene kuseka kwake umakumva uli kutsidya kwa msewu.

Alendo aja sadaname. Mbale idalidi yopanda kanthu, khoma lidagwadi, ndipo chakudya chidali chosowa. Nanga zidatheka bwanji kuti zinthu zoona zokhazokha zibale mwana wachilendo kwa mayi ake omwe? Funso lotere limayankhidwa ndi phunziro la zofalitsa nkhani, limene limafufuza mmene nyuzipepala, wailesi ndi kanema zimapangira tanthauzo. Maziko a phunziroli ndi awa: kanema sali ngati zenera limene umangosuzumirapo n'kuona za panja. Kanema amamangidwa monga amamangira nyumba, ndipo njerwa iliyonse idaikidwa ndi munthu amene adali ndi cholinga. Wofuna kumvetsa kanema ayenera kuphunzira kuziona njerwazo.

Kale phunziro lotere silidali lofunika kwenikweni kwa ife, chifukwa kanema adali chinthu chapatali. Akuluakulu akukumbukira galimoto za boma zimene zinkayendayenda m'midzi, kuonetsa kanema pabwalo dzuwa litalowa. Wailesi ya kanema idayamba kuno m'chaka cha 1999, mochedwa poyerekeza ndi maiko oyandikana nafe. Lero mwana wa ku Nancholi, ku Manase kapena ku Baluti angathe kuonera makanema aafupi ambiri pa mwezi umodzi kuposa amene agogo ake adaonera ubwana wawo wonse. Ndipo samangoonera. Iye mwini amajambulidwa, kusukulu, kutchalitchi, kuchipatala, nthawi zina asakudziwa n'komwe.

Tiyeni tiyambe ndi malire a chithunzi. Pa 28 Disembala 1895, mumzinda wa Paris, anthu olipira pakhomo adaonerera makanema a abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, ndipo tsikuli ambiri amaliwerenga ngati chiyambi cha kanema. Mwa makanema khumi a tsikulo, aliyense wosakwana mphindi imodzi, mudali wina woonetsa Auguste ndi mkazi wake akudyetsa khanda lawo panja pa nyumba. Kotero mwana adalowa m'kanema tsiku loyamba lomwe. Koma taonani zimene zili m'chithunzicho: tebulo, makapu, bambo ndi mayi ovala bwino, khanda pakati. Kukhitchini sikukuoneka. Antchito a m'fakitale ya banjali, amene thukuta lawo lidagula makapuwo, mulibe. Iwo adajambulidwa m'kanema wina akutuluka pageti. Chithunzi chili ndi mbali zinayi, ndipo chilichonse chimene chatsala kunja kwa mbalizo chimakhala ngati kulibe. Choncho funso loyamba la woonerera wanzeru ndi ili: kodi wojambula wasiya chiyani kunja? Pasukulu paja, pafupi ndi pamene mwana adakhala, padali amayi a m'dera lathu akuphika phala m'miphika yaikulu, ena atapereka nkhuni zawo zomwe. Kamera ikadatembenuka pang'ono, nkhani ikadakhala ya anthu othandizana okha pa tsoka.

Chachiwiri ndi pamene kamera yaima. Munthu wamkulu akaimirira n'kujambula mwana amene wakhala pansi, kamera imayang'ana pansi, mwana amayang'ana m'mwamba, ndipo amaoneka wochepa, wopempha. Woonerera amaikidwa pa msinkhu wa wamkulu, pamalo a wopereka. Wojambula yemweyo akagwada, diso la kamera n'kulingana ndi diso la mwana, zinthu zimasintha: mwanayo amasanduka mnzathu woti tingacheze naye, ndipo akuluakulu odutsa amaoneka miyendo yokha, monga mmene mwana amawaonera mumsika wa Limbe. Palinso kutalikirana. Chithunzi chapafupi, chodzaza ndi nkhope yokha, chimatikakamiza kumva zimene zili mumtima mwa mwana. Chapatali chimationetsa kumene akukhala ndi anthu amene amuzungulira. Zonse ziwiri zili ndi ntchito yake, koma kanema wodzaza ndi nkhope zapafupi zokhazokha amamuchotsa mwana pakati pa abale ake, namusiya ngati wamasiye.

Amene afuna kuona kamera ikulemekeza mwana aonere kanema woyamba wa Abbas Kiarostami wa ku Iran, wa m'chaka cha 1970, wa mphindi ngati khumi, wopanda zokambirana. Dzina lake tingalimasulire kuti Buledi ndi Kanjira. Mnyamata akuchokera kogula buledi, ndipo apeza galu m'kanjira kopita kwawo. Galu auwa, mwana abwerera m'mbuyo, naima. Nkhani yonse ndi imeneyo. Munthu wamkulu angati palibepo nkhani, koma ndani wa ife sadazungulirepo njira yaitali ali mwana poopa galu wa eni ake? Kiarostami safulumira. Mwana akudikira, kamera idikira naye, iye akuyang'ana uku ndi uku ngati kungabwere wamkulu woti atsagane naye. Idza nkhalamba, mwana aitsata pambuyo, koma nkhalambayo ipatuka asanamudutse galu. Potsiriza mwana anyema buledi namuponyera galu, ndipo galuyo amuperekeza mpaka pakhomo akugwedeza mchira. Chitseko chitsekedwa, galu agona panja, ndipo patali patulukira mwana wina. Taonani tsono: vuto ndi la msinkhu wa mwana, nzeru yolithetsa yachokera mwa mwana yemweyo, ndipo nthawi ya m'kanema yayenda pang'onopang'ono monga imayendera kwa mwana wamantha.

Tibwere ku zizindikiro. Katswiri wa ku France, Roland Barthes, adaphunzitsa kuti chinthu cha m'chithunzi chimakhala ndi matanthauzo awiri osanjikizana. Loyamba ndi loonekeratu: mbale ndi mbale. Lachiwiri ndi limene anthu adazolowera kumangirira pa chinthucho: mbale yopanda kanthu m'manja mwa mwana imanena za njala. Kwa ife Amalawi zimenezi si zachilendo, pakuti tikaona masamba oikidwa pamsewu timadziwa kuti pali maliro, ngakhale masambawo ndi masamba chabe. Koma tanthauzo lachiwirili limasintha ndi malo. Mwana wopanda nsapato, kwa woonerera wa ku London, ndi chizindikiro cha umphawi wadzaoneni. Kwa ife, kawirikawiri ndi mwana amene wavula nsapato za kusukulu kuti zisathe pamene akumenya chikulunga. Wojambula wochenjera amadziwa maso amene adzaonerere, ndipo amasankha zizindikiro zoti zikalankhule kwa iwowo.

M'chaka cha 1956 Albert Lamorisse adatulutsa kanema wa mphindi 34 wotchedwa Le Ballon rouge, kutanthauza chibaluni chofiira, ndipo mnyamata wa m'kanemayo adali mwana wake weniweni, Pascal. Misewu ya Paris m'menemo ndi yotuwa, makoma otuwa, ndipo chowala kwambiri ndi chibalunicho, chimene chimamutsata mnyamatayo ngati kagalu. Kondakitala achikaniza kukwera basi, kusukulu chiputa mkwiyo wa mphunzitsi wamkulu, kutchalitchi awatulutsa onse awiri, ndipo potsiriza gulu la anyamata lichiphulitsa. Palibe amene amaima n'kutiuza kuti chibaluni chikuimira ufulu wa mwana pakati pa malamulo a akuluakulu. Mtundu wofiira pakati pa zotuwa ndiwo ukunena. Kanemayu adalandira mphotho ku Cannes ndiponso mphotho ya Oscar ya nkhani yolembedwa bwino, chonsecho mawu olankhulidwa m'menemo ndi owerengeka.

Pano ndifuna ndikhalitsepo pa kanema wina wa kwathu kuno ku Africa, chifukwa akukhudzana kwambiri ndi funso la mayi aja. Djibril Diop Mambéty wa ku Senegal adamwalira mu 1998, ndipo chaka chotsatira kudatuluka kanema wake wotsiriza, wa mphindi 45, wotchedwa La Petite Vendeuse de Soleil, ndiko kuti kamtsikana kogulitsa Dzuwa. Dzuwalo ndi dzina la nyuzipepala ya ku Dakar. Mtsikanayo, Sili, ali ndi ulumali ndipo amayendera ndodo, agogo ake ndi osaona, ndipo poyamba amapemphetsa mumsewu. Zonse zimene wojambula wofuna kutiliritsa angafune zilipo. Koma Mambéty adazigwiritsa ntchito mwa njira ina. Anyamata ogulitsa nyuzipepala atamugwetsa pansi, Sili adzuka natsimikiza mtima kuti nayenso ayamba ntchito yomweyo, imene idali ya anyamata okhaokha. Posainira nyuzipepala zake, ajambula dzuwa m'malo mwa dzina. Wapolisi atamuganizira kuti ndalama zimene ali nazo waba, Sili apita naye kupolisi nadzinenera mlandu mosaopa, mpaka amasulitsa ndi mayi wina amene adatsekeredwa m'chitokosi. Ndalamazo agulira agogo ake ambulera yowatchinjiriza ku dzuwa, zina agawira osauka anzake.

Ndodo zomwe zija, zimene m'kanema wina zikadakhala chizindikiro cha kusowa mphamvu, pano zasanduka chizindikiro cha khama, pakuti timaziona zikugunda msewu, ulendo uli m'tsogolo. Mambéty sabisanso nkhanza za mumzinda: kumapeto anyamata aja amulanda ndodo, ndipo mnzake amubereka kumsana kuti ulendo upitirire. Umphawi wa Sili ndi woona monga wa mwana wa ku Nancholi uja. Kusiyana kwake n'kwakuti Sili ali ndi dzina, ali ndi mawu, amasankha chochita, amakwiya, amavina. N'chifukwa chake akatswiri a phunziroli amati pa kanema aliyense tizifunsa kuti gulu la anthu laonetsedwa motani, ndipo ndani walionetsa chomwecho.

Pali ntchito ina imene imachitikira m'chipinda, kamera itapumula, ndiyo kudula ndi kulumikiza zithunzi. Cha m'ma 1920, Lev Kuleshov wa ku Russia adatenga chithunzi cha nkhope ya mwamuna, yosaseka ndi yosalira. Monga adafotokozera mnzake Pudovkin, nkhopeyo adailumikiza koyamba ndi mbale ya msuzi, kachiwiri ndi bokosi la maliro, kachitatu ndi kamtsikana kosewera ndi chidole. Oonerera adayamikira luso la mwamunayo: ati poyang'ana msuzi adali wolingalira, poyang'ana bokosi adali ndi chisoni, poyang'ana mwana adamwetulira. Chonsecho nkhope idali imodzi yomweyo. Tanthauzo limabadwira pamfundo pamene zithunzi ziwiri zakumana. Mwana woyang'ana kumbali, ukamutsatiza ndi chithunzi cha nyumba yakugwa, ndiye kuti akulirira kwawo. Ukamutsatiza ndi chithunzi cha anzake akusewera, ndiye kuti akufuna kuthawa kamera akasewere nawo.

Luso lomweli lingathe kutilowetsa m'maganizo a mwana. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, adatulutsa mu 2011 kanema wamfupi wotchedwa Mwansa the Great, amene adapikisana nawo pa mphotho za BAFTA ku Britain. Mwansa ndi kamnyamata kofuna kudzionetsa ngwazi, koma kaswa mwangozi chidole chadothi cha mlongo wake, n'kuyamba ulendo wokachikonza. Nyoni amasinthanitsa zithunzi za mitundu iwiri: ana akusewera, ndi ana omwewo monga akudzionera okha m'maganizo, ali akuluakulu. Amene mudasewerapo masanje mukudziwa kuti bambo wa pamasanje amakhala bambo ndithu mpaka dzuwa litalowa, ndipo womuseka amaimbidwa mlandu. Kulumikiza kwa Nyoni kumalemekeza choonadi chimenecho.

Pa nkhani ya mawu, inu omvera wailesi ndinu akatswiri kale. Mukudziwa kuti m'sewero la pa wailesi kulira kwa tambala kokha kumakuuzani kuti kwacha, ndipo kulira kwa kadzidzi kumakuchenjezani kuti kukubwera zoipa. M'kanema muli mawu a mitundu iwiri. Ena ndi a m'dziko la nkhaniyo, amene mwana wa m'kanema akuwamvanso: galu, mvula padenga, anzake akuitana. Ena ndi oikidwa pambuyo pake, amene akumva ndi woonerera yekha: nyimbo, ndi munthu wofotokoza. A mtundu wachiwiriwa ndiwo amatiuza chimene tiyenera kumva mumtima tisanaganize n'komwe. Choncho dzifunseni: m'kanemayu akulankhula ndani? Mwana akulankhula yekha, kapena wina akumulankhulira? M'chinenero chanji? Kanema wa mwana wa ku Nancholi wofotokozedwa m'Chingerezi chokhachokha waulula kale kuti sadakonzedwere anthu a ku Nancholi.

Tionenso kayendedwe ka nkhani. Tzvetan Todorov, wobadwira ku Bulgaria, adaona kuti nkhani zambiri zimayamba pali mtendere, kenaka pabwera chosokoneza, anthu ayesa kukonza, ndipo pamapeto pakhala mtendere watsopano wosiyana ndi woyamba uja. Agogo athu ankadziwa zimenezi pokamba nthano asanamvepo za Todorov: nyama zinkakhala bwino, kudagwa chilala, zidapangana zokumba chitsime, Kalulu adakana. Chofunika kuyang'anitsitsa m'kanema wamfupi ndi ichi: wabweza mtendere ndani? Kwa Kiarostami ndi mwana. Kwa Mambéty ndi mwana pamodzi ndi mnzake. M'makanema ambiri opempha thandizo, nkhani imayambira pakati, pa chosokoneza. Mtendere wa poyamba sauonetsa, ngati kuti mwanayo adabadwira m'tsoka, ndipo mapeto amasiyidwa dala kuti woonerera awamalize ndi ndalama zake. Ngwazi ya kanema wotero ndi amene akuonererayo.

Zonsezi zikutifikitsa pa funso la mwini: adalipira ndani kuti kanema akonzedwe, ndipo ankafuna chiyani? Funsoli si latsopano m'dziko muno. Kuyambira 1948 mpaka 1963, bungwe la atsamunda la Central African Film Unit, limene likulu lake lidali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, linkakonza makanema oonetsa m'midzi ya Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri zija. Ochita sewero adali anthu akuda, koma olamula nkhani adali azungu a boma, ndipo cholinga chidali kuphunzitsa anthu makhalidwe amene boma linkafuna. Masiku ano eni makanema ndi ena: mabungwe, makampani ogulitsa katundu, andale, mipingo, ndi achinyamata ofuna kutchuka pa Facebook kapena TikTok. Kukhala ndi cholinga si tchimo. Koma woonerera ali ndi ufulu wochidziwa cholingacho.

Ndiponso woonerera si mtsuko wongothiramo madzi. Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica, amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Birmingham, adalemba mu 1973 kuti wokonza uthenga amamangamo tanthauzo lake, koma wolandira amaumasula malinga ndi moyo wake. Wina amavomereza zonse, wina amavomereza zina nakana zina, wina amaumva bwino lomwe uthengawo koma n'kuutsutsa. Tidaziona zimenezi mu 2019, pamene kudatuluka kanema wamtali wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, wonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene ali mnyamata adapanga makina a mphepo otulutsa magetsi. Woonerera wa kunja adangomva kuti anthu akulankhula chinenero cha ku Malawi. Ife tidanyadira nkhaniyo, komabe makutu athu adagwira msanga kuti Chichewa cha ochita sewero ena, amene adachokera kunja, chidali chophunzira. Kunyada ndi kudandaula zidayendera limodzi. Koma mayi a pakhonde aja, osadziwa dzina la Hall, adali m'gulu lachitatu: uthenga adaumva, naukana.

Tsono ndikuuzeni zimene tidachita pakhondepo. Tidaonerera kanemayo kachiwiri titatseka mawu. Nyimbo itachoka, mng'ono wake wa mtsikanayo adaseka, nati, "Taonani, akufuna kuseka!" Ndipo zoonadi, pamlomo padali kumwetulira kopanikizidwa. Tidamuitana mwini wake kuti atifotokozere. Iye adati mbale idali yopanda kanthu chifukwa adali atangomaliza kumwa phala, ndipo ankapita kukaitsuka pamene alendo adamupempha kuti akhale pansi, ayang'ane kamera, asaseke. Adatinso chimene chinkamuwawa masiku amenewo, kuposa china chilichonse, chidali makope ake a Sitandade 4 amene adanyowa n'kumatirirana. Za makopewo m'kanema mudalibe, chifukwa palibe amene adamufunsa.

Wina asandimve ngati ndikunyoza othandiza. Ufa ndi mabulangete aja zidapulumutsa mabanja, ndipo n'kutheka kuti ndalama zogulira zina zidabwera chifukwa cha makanema otere. Pa nthawi ya tsoka dziko liyenera kuona, ndipo chithunzi chimafulumira kuposa kalata. Chimene ndikunena n'chakuti mtengo wa kanema wotere amalipira ndi mwana, ndipo amalipira kwa nthawi yaitali. Khoma lija lidamangidwanso, koma kanema akalowa pa intaneti n'kovuta kumuchotsa. Mtsikanayo adzakula, adzafunsira ntchito, adzakhala ndi banja lake, mbale ija idakali m'manja. Anzake ena kusukulu adayamba kale kumutcha dzina lachipongwe lochokera m'kanemayo. Ndipo ana athu akamaona mobwerezabwereza kuti mwana wa ku Malawi m'kanema ndi wokhala chete wotambasula manja, tsiku lina adzakhulupirira kuti ndi mmene alili.

Malamulo ali kumbali ya mwana. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene dziko lathu lidavomereza mu 1991, limati mwana ali ndi ufulu wonena maganizo ake pa zinthu zomukhudza, ndiponso kuti zinsinsi za moyo wake ndi ulemu wake zitetezedwe. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Choncho inu makolo, inu mafumu ndi inu aphunzitsi aakulu amene alendo amayamba kufikira kwa inu, munthu akabwera ndi kamera musachite manyazi kumufunsa: kanemayu mukaonetsa kuti? Mwana alankhula yekha? Kodi ife tionerera poyamba asanapite kunja? Mwanayo afunsidwenso, ndipo akakana, kukana kwake kulemekezedwe. Paja akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wojambula aliyense adzifunse ngati angalole kuti wake ajambulidwe chomwecho.

Kwa aphunzitsi anzanga, phunziro limeneli silifuna zipangizo zodula. Lamya imodzi ikwana. Onetsani ana kanema wamfupi katatu: koyamba aonerere monga mwa masiku onse, kachiwiri mutatseka mawu, kachitatu akumva mawu okha atafulatira. Kenaka imitsani chithunzi chimodzi, muwafunse kuti kamera idaima pati, ndi kuti kunja kwa malire kungakhale chiyani. Musafulumire kuwayankhira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzadabwa ndi zimene adzaone.

Kwa inu achinyamata amene mumajambula ndi lamya zanu, nkhani musakazifune kutali. Kiarostami adangofuna mwana, galu ndi buledi. Kuno kwathu kuli mnyamata amene watha masiku atatu akupinda galimoto yamawaya, koma akusowa chopangira tayala lachinayi. Kuli mtsikana wotumidwa kuchigayo koyamba, ndalama atazimanga pansonga ya chitenje, akuzigwiragwira njira yonse. Kuli mwana amene wapatsidwa khanda kumsana pamene anzake akuyamba phada. Pemphani chilolezo, gwadani kuti kamera ilingane ndi maso awo, muwasiye alankhule m'chinenero chawo, ndipo mukamaliza muwaonetse iwo poyamba.

Mayi aja ndidawayankha kuti mwana wa m'kanema adawumbidwa ndi anthu ena kuchokera ku nkhope ya mwana wawo, koma wawo weniweni ndi amene panthawiyo adali atabwerera kale kubwalo, akukuwa kuti mpira sunamukhudze. Adaseka, nasenza dengu lawo la tomato kupita kumsika.